Chigayo cha Khofi cha pa Makwasa

Munthu wochokera pa boma la Thyolo kupita ku Thekerani, pa mseu umene umatsetsereka mpaka ku Muona m'chigwa cha Shire, amadutsa pa Makwasa. Ambiri a ife timawadziwa malowa chifukwa cha chipatala cha Malamulo ndi minda ya tiyi imene yawazinga, ndipo nkosavuta kuganiza kuti mudziwu unabadwa pamodzi ndi mishoni. Komatu mishoni inapeza malo atalambulidwa kale. Isanafike, pamenepa panali munda wa khofi wa mzungu wina wochokera ku Germany, dzina lake Werth, ndipo mtima wa mundawo unali makina osendera khofi, amene m'nkhani ino tiziwatcha chigayo. Tifuna kulondola mbiri ya malo amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pakuti pa kadera kakang'ono aka tingathe kuona bwino m'mene nthaka ya Thyolo inachokera m'manja mwa eni ake, ndiponso m'mene atumiki a Mulungu anapezekera ali eni munda asanaganize nkomwe za tanthauzo lake.

Eni dziko akale m'mapiri amenewa anali Amang'anja. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene anafufuza kwa zaka zambiri za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, anaonetsa m'mabuku ake kuti kwa Amang'anja nthaka inali ya mizimu ya makolo ndi ya mtundu wonse, ndipo mfumu inali mlonda wake chabe. Mfumu inkatha kupatsa mlendo malo oti alimepo, monga ikuchitira mpaka lero, koma mlendoyo akachoka malo ankabwerera kwa eni mudzi. Kugulitsa nthaka kotheratu, mpaka adzukulu osadzapondaponso, chinali chinthu chopanda dzina m'chilankhulo chawo. Tsono azungu a minda anafika dziko litasokonezeka kale. Njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, nkhondo za ogwira akapolo, ulamuliro wa Amakololo m'chigwa, ndi Angoni a Chikusi amene anaoloka Shire m'chaka cha 1884, zonsezi zinathamangitsira anthu pamwamba pa mapiri ndi m'malinga. Mzungu akaima pa chitunda ankaona tchire lopanda utsi, nanena kuti dziko lilibe mwini. Eni ake analipo ndithu, atabisala, akudikira kuti kuzizire.

Dziko lino litalowa m'chitetezo cha Angerezi m'chaka cha 1891, Harry Johnston anayamba kuweruza zonena za azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Amene anamukhutiritsa anawapatsa chikalata chotchedwa Certificate of Claim, ndipo mwa njira imeneyi maekala pafupifupi 3.7 miliyoni anakhala a makampani, a mishoni ndi a azungu paokha. Mmodzi mwa amene anatenga gawo lalikulu anali Eugen Sharrer, wochokera ku Hamburg, amene anafika m'chaka cha 1888 nakhala nzika ya Britain. Iyeyu anali ndi masitolo a Kabula ku Blantyre, sitima zapamadzi pa Zambezi ndi pa Shire, ndi malo oposa maekala 360,000, ena mwa iwo m'boma la Thyolo, limene Angerezi ankalemba kuti Cholo. Poyerekeza ndi Sharrer, Werth anali kamwana. Munda wake, atauyesa anthu a boma, unakwana maekala 2,001. Ekala imodzi yapamwambayo imatiseketsa, koma ili ndi phunziro lake: malo amene dzulo lake malire ake anali mtsinje, mtengo wa mkuyu ndi manda a makolo, tsopano anali atayesedwa ndi unyolo, nalembedwa m'kaundula ku Zomba mosasiya ngakhale kachidutswa.

Chimene chinakoka azungu onsewa chinali khofi. Mbewuyi inafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 ndi Jonathan Duncan, amene anatenga timitengo titatu ku Edinburgh, kamodzi kokha nkupulumuka. John Buchanan anaifalitsa ku Zomba, ndipo pofika m'ma 1890 aliyense wokhala ndi kandalama ankalota za khofi. Ajeremani ankaidziwa bwino malonda ake, popeza Hamburg linali limodzi mwa madoko akuluakulu a khofi ku Ulaya konse. Pa munda wa Werth panali maekala 250 olambulidwa, obzalidwa mitengo pafupifupi 300,000, nyumba yogona, nyumba yosungiramo katundu, zipangizo, ndi chigayo chija.

Kuti timvetse chifukwa chake mudzi unamera pamenepa, tiyenera kudziwa ntchito ya chigayocho. Khofi amathyoledwa ndi manja, chipatso chimodzichimodzi, chikafiira. Zipatsozo siziyenera kugona, chifukwa zikagona zimasasa ndipo khofi amaonongeka. Motero zothyola za tsiku limenelo zimasendedwa madzulo ake omwewo. Makina ake ndi mgolo wachitsulo wokhakhala umene umazungulira nkumafinya zipatso, khungu kugwera kwina, njere kwina, madzi akuyenderera nthawi yonseyo. Njerezo amaziviika m'maenje tsiku limodzi kapena awiri kuti ulenda wake uchoke, amazitsuka, kenaka nkuziyanika padzuwa masiku angapo, anthu akuzitembenuza ndi kuzithawitsa mvula ya chiperoni. Zikauma amazithira m'matumba, ndipo m'masiku amenewo, njanji kulibe, amtengatenga ankasenza matumbawo pamutu kutsika nawo phiri mpaka pa madoko a Shire monga Chiromo, kumene sitima zinkawanyamula kupita ku Chinde. Ntchito yotere imafuna madzi apafupi ndi anthu apafupi. Wothyola, wotunga, wopukusa, woyanika, mlonda, kapitao, onse ayenera kugona pamtunda woti amve kulira kwa belu. Ndi m'mene timisasa tinayambira kuzungulira chigayo, pambuyo pake nyumba, pambuyo pake timinda ta chimanga.

Kwawo kwa Werth midzi yotere inali yodziwika kuyambira kalekale. M'zigwa za Germany muli timidzi tambiri timene maina ake amathera ndi liwu lakuti Mühle, ndiye kuti chigayo, chifukwa tinayamba ndi chigayo choyendera madzi, nyumba ya wogayitsa, khola, ndi mabanja owerengeka. Chimene chinkasunga timidzi timeneti chinali lamulo. Kuyambira m'nthawi ya mfumu Friedrich Barbarossa, amene m'chaka cha 1158 anawerengera zigayo pakati pa zinthu za ufumu, eni dziko anali ndi mphamvu yokakamiza alimi a m'dera lawo kukagayitsa tirigu pa chigayo chimodzi chokha, ndipo wokagayitsa kwina ankalipitsidwa. Dziko la Prussia linathetsa lamulo limeneli m'chaka cha 1810, ndipo zigayo zikuluzikulu zoyendera nthunzi zitabwera, zazing'ono zambiri zinaima. Tatchula zimenezi chifukwa zikutithandiza kuona kuti chigayo cha mwini dziko sichiyenda ndi madzi okha. Chimafunanso lamulo loti libweretse anthu pakhomo pake. Ku Prussia lamulolo linali litafa zaka makumi asanu ndi atatu m'mbuyomo; kuno kwathu linali likubadwa kumene, ndipo linali lowawa koposa, pakuti silinkafuna tirigu wa munthu koma thupi lake.

Lamulo loyamba linali msonkho wa nyumba, umene unali masheleni 3 m'zaka za m'ma 1890. Munthu wa kumudzi analibe kwina kopezera ndalama koma ku munda wa mzungu. M'chaka cha 1901 boma linakweza msonkho kufika masheleni 6, koma amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka. Lachiwiri linali thangata. Liwu limeneli makolo athu ankalinena mwaulemu, kutanthauza kuthandizana kulima pakati pa abale ndi anansi. Pa minda ya azungu linasanduka dzina la ntchito imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo nyumba, ndipo ankaifuna nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu. Nzoona kuti m'zikalata zambiri za Johnston munali mau oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale kuti isasunthidwe. M'chaka cha 1903 woweruza Joseph Nunan anagamula kuti anthu otere sayenera kulipira lendi kapena kukakamizidwa ntchito. Koma anthu athu ankasamutsa minda nthaka ikaguga, ndipo akangosamuka chitetezo chija chinkatsalira pa tsala. Kuonjezera apo, kuyambira cha m'ma 1900 Alomwe ambirimbiri anayamba kuoloka Ruo kuthawa njala ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique. Iwowa analibe chikalata chowateteza. Eni minda anawalandira ndi manja awiri, ndipo ndi thukuta lawo makamaka limene linamanga Thyolo amene tikumudziwa.

Werth sanadikire kuti aone mapeto ake. Mitengo ya khofi pa misika ya kunja inali itayamba kugwa cha m'ma 1896 chifukwa cha zokolola zochuluka za ku Brazil, ndipo m'minda ya kuno tizilombo ndi kuguga kwa nthaka zinali zitayamba kuoneka. M'chaka cha 1900, chaka chimene dziko lino linatumiza kunja khofi woposa mapaundi 2 miliyoni, wochuluka kuposa zaka zonse za m'mbuyo, iye anagulitsa munda wake pa madola 15,000. Ife tikuona ngati Mjeremaniyu anawerenga mitambo bwino kuposa womugula.

Womugulayo anali Joseph Booth, munthu amene dzina lake silisowa m'mbiri ya mipingo ya m'dziko muno. Anafika m'chaka cha 1892 nayambitsa Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, pa malo oposa maekala 26,000. Ndiye anabatiza John Chilembwe napita naye ku America m'chaka cha 1897, chaka chomwe anasindikiza kabuku kake kotchedwa Africa for the African. Ali ku America analowa mpingo wa Seventh Day Baptist wa mu mzinda wa Plainfield, ku New Jersey, ndipo akhristu a kumeneko anapanga bungwe loti limutume ndi kumulipirira. Atabwerera kuno m'chaka cha 1899 analemba chikalata chopempha Mfumukazi Victoria kuti msonkho wa nyumba uzigwiritsidwa ntchito pophunzitsa anthu akuda, ndi kuti pakatha zaka 21 dziko libwezedwe kwa eni ake. Alfred Sharpe anafuna kumuthamangitsa, iye nathawira m'dziko la Apwitikizi, ndipo analoledwa kubwerera atalonjeza kuti aleka za ndale. Patangopita miyezi yowerengeka, munthu yemweyu, amene ankalalikira kuti Afrika ndi wa Aafrika, anali mwini wa maekala 2,001 a nthaka ya Amang'anja. Malowo anawatcha Plainfield.

Tisafulumire kumuseka. Maganizo a Booth anali akuti mishoni isamadalire zopereka za kunja mpaka kalekale: ilime khofi, phindu lake liyendetse sukulu, litsegulenso mishoni ina, ndipo pamapeto pake zonse zisiyidwe m'manja mwa akhristu a m'dziko. Funso la kudzidalira kwa mpingo likutivutabe ife tomwe, ndipo yankho limene ambiri timathamangira ndi lomwelo, munda ndi chigayo. Booth anali wodziwika polipira antchito bwino kuposa anzake, chimene chinamudanitsa ndi azungu ena kuyambira pa Mitsidi. Pa Plainfield antchito ankapuma Loweruka, nasonkhana kumva mau, ndipo panali sukulu. Koma khofi sasamala za cholinga cha mwini wake. Zokolola zoyamba zinalephera, zachiwiri chimodzimodzi, ngongole ya kugula munda ili pakhosi. Booth anadwala nachoka m'chaka cha 1901, atasiya Jacob Bakker wa ku Holland kuti asunge malo. A ku Plainfield anataya mtima, ndipo m'chaka cha 1902 anagulitsa munda wonse kwa mpingo wa Seventh-day Adventist pa madola 4,000. Pa zaka ziwiri zokha, mtengo wa malowo unatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chigayo chimene chinasonkhanitsa anthu chinasowa chogaya, ndipo m'dziko lonse khofi analowedwa m'malo ndi thonje ndi fodya.

Booth, amene tsopano anali atalowa mpingo wa Adventist, anabwereranso m'chaka chomwecho pamodzi ndi Thomas Branch, Mwamereka wakuda, ndi banja lake. Awiriwa sanamvane, ndipo Booth anachoka patapita miyezi yochepa. Branch ndiye anagwira ntchito yeniyeni ya maziko kwa zaka zisanu, mwana wake Mabel akuphunzitsa sukulu. Mwa anyamata amene anadutsa pa Plainfield m'masiku amenewo munali Elliot Kamwana, amene m'zaka za 1908 ndi 1909 anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay m'dzina la Watch Tower. Boma la atsamunda linkakayikira amishoni akuda ochokera ku America, poopa kuti adzutsa mitima ya anthu, ndipo m'chaka cha 1907 Branch analowedwa m'malo ndi mzungu, Joel Rogers. Iyeyu ndiye anasintha dzina la malowo kukhala Malamulo. Kuyambira pamenepo mbiri yake ndi ya sukulu ya aphunzitsi, ya ng'ombe za mkaka, ya nyumba yosindikizira mabuku, ndiponso ya chipatala, makamaka kuyambira m'chaka cha 1925 pamene dotolo Carl Birkenstock anayamba kusamala odwala khate, amene ankabwera kuchokera kutali.

Palibe munthu wa ku Thyolo amene angakane ubwino wa ntchito zimenezi. Chimene tifuna kuti tisachiiwale nchakuti mishoni inalandira cholowa cha Werth chathunthu, ndiye kuti malire ake ndi chikalata chake. Pamaso pa lamulo la atsamunda, mishoni yokhala ndi malo otere inali mwini munda monga mzungu wina aliyense, ndipo zimenezi zinali choncho kwa mipingo yambiri ya m'mapiri a Shire, kaya inagwiritsa ntchito mphamvuzo mofatsa kapena ayi. Munthu wamba, poona nyumba ya mzungu pa chitunda, belu la m'mawa, kapitao ndi mzere wa antchito, zinkamuvuta kusiyanitsa nyumba ya Mulungu ndi nyumba ya bwana. Ifenso Akatolika nkhaniyi ikutikhudza. Abambo a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901 natsegula Nguludi m'chaka cha 1903, pakati pa minda ya azungu ya ku Chiradzulu. Ndipo mu Januwale 1915, anthu a Chilembwe atathira nkhondo munda wa Bruce ku Magomero, anatenthanso mishoni ya Nguludi.

Thekerani analowa m'mbiri imeneyi kudzera pa njanji, ndipo apanso tikupeza dzanja la Sharrer. Ndiye analimbikira kuti pamangidwe njanji yochotsa katundu pamutu pa amtengatenga, amene eni minda ankawafuna m'minda mwawo. M'chaka cha 1902 anasonkhanitsa chuma chake chonse m'kampani ya British Central Africa Company nasamukira ku London, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, amene lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Pothawa phiri la Thyolo, inatsata mtsinje wa Ruo, umene pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linausandutsa malire, kudutsa Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, pafupi ndi mathithi a Zoa, mpaka ku Luchenza. Khofi amene njanjiyi inkayembekezera kunyamula anali atatha kale isanafike. Koma siteshoni inakoka anthu, masitolo a Amwenye ndi misika, ndipo aphunzitsi ochokera ku Malamulo anatsegula sukulu m'mapiri a kumeneko, mpaka m'zaka za m'ma 1920 Thekerani anakhala mishoni payokha. Zitunda zotsetserekazo, zimene azungu sanazikhumbire kwenikweni, ndi zimene zinalandira anthu osowa malo kumtunda.

Nkhondo ya 1914 inathetsa malonda a Ajeremani m'dziko muno, koma minda inapitirira pansi pa eni ena. Tiyi, amene anayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891, anabzalidwa ku Thyolo pa Bandanga m'chaka cha 1908. Maclean Kay anayambitsa Satemwa m'chaka cha 1923, Mtaliyana Ignaco Conforzi anakulitsa minda yake, ndipo pangano la maiko olima tiyi la 1933 litakweza mitengo, tchire limene linatsala linagwa. Tiyi ali ngati khofi pa chinthu chimodzi: masamba othyola lero ayenera kulowa m'fakitale lero lomwe. Motero dongosolo la pa chigayo cha Werth linabwerera lili lalikulu, fakitale pakati, nyumba za antchito m'mizere, midzi ya thangata m'mphepete. Lamulo la 1928 linaika lendi ya pachaka pa masheleni 20, yolipira ndi ndalama, ndi ntchito kapena ndi mbewu, nilolanso eni minda kuchotsa ena mwa anthu awo pa zaka zisanu zilizonse. Pofika m'zaka za m'ma 1940, magawo awiri mwa atatu a nthaka ya boma la Thyolo anali m'manja mwa eni minda, ndipo Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza m'chaka cha 1946, analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu.

Boma linachedwa. M'chaka cha 1953 kampani ija ya Sharrer inafuna kuti anthu a pa malo ake alipire lendi yatsopano ya masheleni 52 ndi theka, ndipo ambiri anakana. Chinali chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu. Mu Ogasiti, mkangano wa malalanje pa munda wa Mangunda, pafupi ndi Luchenza, unayatsa moto umene unafalikira m'boma lonse ndi kupitirira: anthu anatseka miseu ndi mitengo, anadula mawaya a lamya, nakana kupita ku ntchito. Anthu 11 anaphedwa, ena 72 navulala. Pambuyo pa zimenezi boma linagula malo ambiri kwa kampaniyo, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962, ufulu uli pafupi.

Minda ya tiyi yokha inatsala monga inalili, pa nthaka yabwino koposa. Anthu a ku Thekerani ndi madera ozungulira anapeza moyo mu nthochi, zimene zinkakwera sitima ndi malole kupita ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo ana ambiri anaphunzira ndi ndalama zake. Madzi osefukira a 1997 anadula njanji cha ku Chiromo, ndipo m'zaka zotsatira matenda a chisaka anapululutsa nthochizo, mabanja natsala ndi timinda ta pa mapiri timene mvula imakokolola chaka ndi chaka. M'chaka cha 2016 anthu a bungwe la People's Land Organisation, motsogozedwa ndi Vincent Wandale, analowa ndi makasu m'munda wa Conforzi ponena kuti nthakayo ndi ya makolo awo. Apolisi anawabalalitsa, ndipo Wandale anamangidwa. Lamulo linali kumbali ya eni minda ya ku Thyolo, pakuti umwini wa yambiri mwa iyo umachokera ku zikalata zimene Johnston anapereka m'zaka za m'ma 1890, za m'badwo umodzi ndi malire a munda wa Werth.